Amene alibe manda timawakumbukira pati?

Gulu: Ana a Kum'mawa, Nkhani za Kwathu

Msilikali wa Panyanja: Mwaswera bwanji abale. Ambiri mumandidziwa, ndine mlamu wanu, ndinakwatira kuno ndipo ndikukhala cha ku Mwami, koma usilikali wanga ndinauchitira kutsidya ku Malawi, zaka zomalizira ndili wa pamadzi. Lamulungu lachiwiri la Novembala layandikira. Akuluakulu adzavala maluwa ofiira pachifuwa, adzaika nkhata pa chipilala ku Lusaka, lipenga lidzalira, anthu adzakhala duu mphindi ziwiri, kenako aliyense kwawo. Mwambowu sindikuunyoza, ndaimapo pa perete wotere nsapato zikuwala. Chondivuta n'chakuti pamenepo amangoti tikumbukire onse amene anafa pa nkhondo. Onse ake ati? Amene anamira, kapena anatsala m'tchire, alibe manda, alibe chiliza, abale ake alibe poti akalambule. Anangosiya dzina basi. Ine ndikuti mayinawo tiwalembe, tiziwatchula mokweza limodzilimodzi kuno kwathu, osadikira Lusaka kapena London. Mukuti bwanji?

Wanjinga wa ku Down Shops: Mlamu, musandimve molakwa, koma nkhondo zimenezo zinali za eni ake. Mfumu ya ku England inakangana ndi Hitler, ife tikulirapo chiyani? Unga wakwera, fataleza sitinamuone, inu mukuti tiyambe kuwerenga akufa.

NaPhiri wa ku Kapata: Iwe wanjinga, akulu akamayankhula uziyamba wamva kaye.

Aphunzitsi a ku Katete: Musamukalipire amayi, funso lakelo ana asukulu amandifunsanso. Achimwene, kodi simunyamula anthu opita ku Gondar Barracks? Gondar ndi mzinda wa ku Ethiopia kumene asilikali a Italy anagonja pa 27 Novembala 1941, ndipo ambiri mwa amene anawagonjetsa anali anthu akuda omenyera Britain. Tug Argan Barracks ya ku Ndola inatenga dzina la malo a ku Somaliland kumene gulu loyamba la Northern Rhodesia Regiment linamenya nkhondo mu Ogasiti 1940. Arakan Barracks ya ku Lusaka ndi Chindwin Barracks ya ku Kabwe zinatenga mayina a malo a ku Burma. Mkangano unali wa azungu, zoona. Koma miyendo imene inayenda m'matope a chigwa cha Kabaw mu 1944, mvula ikugwa usana ndi usiku, malungo akugwetsa anthu, inachokera m'midzi yathu yomweyi.

Wanjinga wa ku Down Shops: Ndiye bwanji kusukulu sanatiuze? Ife tinaphunzira za Nsingo ndi za Cha Cha Cha, za Burma ayi.

Aphunzitsi a ku Katete: Ngakhale ku Britain komweko asilikali amene anali ku Burma pansi pa General William Slim ankadandaula kuti dziko lawo lawaiwala, maso onse anali ku Ulaya. Ndiye ngati mzungu mwiniwake ankadziona woiwalika, wa ku Chiparamba ndiye bwanji? Titalandira ufulu mu 1964, nkhani ya munthu amene anavala yunifomu ya atsamunda sinkakoma kuifotokoza. Tinafuna ngwazi zolimbana ndi mzungu, osati zomenyera mzungu. Agogo aja anangokhala chete, ana awo nawonso sanafunse.

Mdzukulu wa Askari: Ambuya anga aamuna anapita ku Burma. Bokosi lawo lachitsulo lidakalipo kumudzi, lopenta mwakuda, nambala yawo ya usilikali yolembedwa ndi utoto woyera pachivundikiro. M'katimo muli mamendulo okulungidwa m'kansalu, kabuku ka malipiro kothetheka m'mbali, lamba, ndi supuni imodzi yopindika imene sankalola munthu kuigwira. Mpunga sankadya, ngakhale pa Khirisimasi. Akamwa pang'ono ankayamba kulamula m'Chiswahili, ife ana tikuseka. Koma chimene ndikukumbukira kwambiri n'chakuti madzulo ena ankakhala pakhonde n'kumatchula mayina a anthu, wina pambuyo pa mnzake, ndi midzi yawo. Amayi ankati asiyeni, akuyankhula ndi anzawo. Palibe mwa ife amene anatenga pensulo.

Msilikali wa Panyanja: Mdzukulu, zimene ambuya anu ankachita pakhondepo ndi kuitana mayina, monga timachitira m'mawa uliwonse pa usilikali. Pamadzi mwambo umenewu sitiseweretsa. Pamtunda munthu akasowa mukhoza kunena kuti mwina wasochera, atulukira mawa. Panyanja mukaitana dzina kawiri, katatu, osayankha, aliyense amadziwa tanthauzo lake. Ine zinandionekera nthawi ya mwera, usiku, mafunde akumenya boti m'mbali. Mnzathu anali kumbuyo akukonza chingwe, titacheuka palibe. Tinazungulira ndi matochi mpaka kunja kunayera. Bulangete lake tinalipeza lopindidwa bwinobwino pamene ankagona, kapu yake ili pamsomali. Kwawo anaika yunifomu m'bokosi n'kukwirira, chifukwa amayi ake anakana kuti maliro athe popanda dzenje.

Mkulu wa Mpingo: Pepani bambo. Kumudzi kwathu ku Mambwe zotere zinachitika munthu atatengedwa ndi ng'ona mu Luangwa, akuluakulu anaika thunthu la nthochi. Mtima wa munthu umafuna poti uloze.

Msilikali wa Panyanja: Ndiye taganizani anthu oposa chikwi tsiku limodzi. Alipo pagulu pano amene anamvapo za sitima yotchedwa Khedive Ismail?

NaPhiri wa ku Kapata: Ine ayi. Tiuzeni.

Msilikali wa Panyanja: Inanyamuka ku Mombasa mu Febuluwale 1944 kupita ku Colombo, ku Ceylon (lero Sri Lanka), kumene asilikali a kuno ankaphunzira nkhondo ya m'nkhalango asanapite ku Burma. Munali anthu 1,511. Mwa iwo 996 anali a gulu la mizinga la East African Artillery, ena anali amalinyero, ndiponso munali manesi aakazi oposa 50. Pa 12 Febuluwale, pafupi ndi zilumba za Maldives, sitima ya Japan yoyenda pansi pa madzi, I-27, inaiphulitsa. Inamira m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Munthu amene anali m'zipinda zapansi analibe ngakhale nthawi yopeza makwerero. Anafa pafupifupi 1,300, opulumuka anangopitirira pang'ono 200.

Koma chimene chimandisowetsa tulo ine monga wa pamadzi ndi zimene zinachitika pambuyo pake. Sitima ziwiri zankhondo zoperekeza, Petard ndi Paladin, zinayamba kusaka mdani uja, ndipo iye anali pansi pa malo omwewo pamene anthu opulumuka ankayandama. Lamulo linali loti mdani aphedwe kaye, apo ayi amizanso sitima zina zodzaza anthu. Anaponya mabomba a m'madzi anzawo ali m'madzi momwemo. Bomba likaphulika pansi pa madzi silifunika kukukhudza, mphamvu yake imadutsa m'madzimo n'kukuphwanya m'mimba. I-27 inamizidwa tsiku lomwelo. Amene anapereka lamulolo sindimuweruza, ndipo sindifuna kukhala iye. Koma anyamata aja, ambiri nyanja yamchere anali ataiona koyamba ku Mombasa, kusambira osadziwa. Mayina awo analembedwa pa chikumbutso cha East Africa Memorial ku Nairobi. Ndi mayi uti wa kumudzi anakafika ku Nairobi kukaliwerenga?

NaPhiri wa ku Kapata: Mayo ine. Ndasiya kusenda mbatata.

Wanjinga wa ku Down Shops: Eee, iyi ndiye yandilowa. Koma bola awo analembedwa.

Aphunzitsi a ku Katete: Mwanena zoona achimwene, bola awo. A nkhondo yoyamba ija ya 1914 mpaka 1918 ambiri sanalembedwe n'komwe. Nkhondo imeneyo kuno inayendetsedwa ndi mitu ya anthu, chifukwa kunalibe misewu ndipo ng'ombe ndi abulu zinkafa ndi kashembe. Amtengatenga ankasenza chakudya ndi zipolopolo ulendo wa masabata ambiri kupita kumalire a Tanganyika, ndipo ambiri anafa ndi kamwazi, njala ndi chibayo, osati chipolopolo. Ku Mbala kuli chipilala chokumbukira amtengatenga 1,467 a Northern Rhodesia amene anafa. Pali nambala, mayina palibe. Ndipo ndi ku Mbala komweko, kale Abercorn, kumene mkulu wa asilikali a Germany, von Lettow-Vorbeck, anatula zida pa 25 Novembala 1918, patatha masabata awiri nkhondo itatha ku Ulaya. Uthenga woti yatha unamupeza ali pa mtsinje wa Chambeshi.

Mu 2021 bungwe losamalira manda a asilikali, Commonwealth War Graves Commission, linavomera lokha kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi dzina kapena sanakumbukiridwe n'komwe. Nduna ya chitetezo ya Britain pa nthawiyo, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo.

Mai a Mapasa: Kupepesa ndi pakamwa. Ndalama zili kuti? Agogo anga aakazi anakhala wamasiye zaka zonse, amuna awo anabwerako ali ndi chifuwa chosatha, anamwalira asanakalambe. Tisamanamizane ndi maluwa apa.

Aphunzitsi a ku Katete: Pa ndalama palinso nkhani. Zikalata zimene zinaululidwa mu 2019 zinasonyeza kuti pa ndalama yothokoza nkhondo yachiwiri itatha, msilikali wamba wachizungu ankalandira mashilini 10 pa mwezi uliwonse umene anagwira, wakuda mashilini 3 ndi theka. Ngalande imodzi, zipolopolo zomwezo.

Mai a Mapasa: Mwaona? Ndiye tiyambe ndi kulondola zimenezo.

Msilikali wa Panyanja: Amayi, sindikutsutsani. Koma mukapita kukadandaula kulikonse, funso loyamba lidzakhala lakuti munthu wanuyo ndani, nambala yake ndi iti, anali gulu liti. Popanda zimenezo adzakupatsani mpando ndi madzi akumwa, basi. Ndiponso ambiri amene ankayenera kulandira anapita kale. Ine za ndalama ndilibe mphamvu nazo. Za mayina ndili nazo, inunso muli nazo.

Mwana wa ku Chadiza: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma ndilankhuleko. Mukupita ku Burma, ku Maldives, kutali konseko, pamene nkhondo yoiwalika ili pakhomo pathu pompano. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 a Renamo, oukira boma la Mozambique amene tinkawatchula kuti Matsanga, ankadumpha malire n'kulowa m'midzi ya ku Chadiza, Katete ndi Petauke. Ankatenga ng'ombe, chimanga, mchere, n'kugwira anthu kuti awasenzere. Ife tinkagona m'munda, m'mizere ya chimanga, amayi atatseka kamwa ya mng'ono wanga ndi chitenje kuti asalire. Atsibweni anga anawatenga atasenza thumba, sanabwerenso. Asilikali a Zambia analipo amene anafera m'malire amenewa. Ku Ukwimi ku Petauke kunadzaza othawa kwawo a ku Mozambique. Lero mwana wa sekondale ku Chadiza mukamufunsa sadziwa kanthu. Ndipo mlamu, mundikhululukire, koma boma la kwanu nthawi imeneyo anthu ankaliloza chala kuti likusunga Matsangawo.

Woyang'anira Gulu: Abale, tiyankhule mwaulemu. Za ndale za mayiko tisapite nazo patali.

Msilikali wa Panyanja: Asiyeni a admin, sananame ndipo sanandinyoze. Mu Seputembala 1986 a Kaunda, a Machel ndi a Mugabe anapita ku Blantyre kukamuuza Kamuzu maso ndi maso za nkhani yomweyo. Mwezi wotsatira, pa 19 Okutobala, a Machel anafa pa ngozi ya ndege akuchokera ku msonkhano ku Mbala. Zinthu zitatembenuka, kuyambira 1987 asilikali a Malawi anatumizidwa kukalondera njanji ya ku Nacala, monga a Zimbabwe ankalondera njira ya ku Beira. Ndisanapite pamadzi, ine ndinali mmodzi wa iwo. Ndiye achimwene a ku Chadiza, amene anatenga atsibweni anu ndi omwewo amene ankatitchera ife.

Ntchito yake inali yotere. Sitima imayenda pang'onopang'ono, malo ena ife tili pansi kutsogolo kwake, maso pa njanji, kuyang'ana pamene dothi lagwiridwa kumene kapena pamene mabawuti amasulidwa. Udzu m'mbali utali kuposa munthu. Ukamva mbalame zasiya kulira, pakhosi pamauma. Mnzanga amene tinkadyera mbale imodzi anaponda bomba lokwirira akupita kukatunga madzi, pa kanjira kamene tonse tinadutsapo dzulo lake. Anali atangolandira kalata yoti mkazi wake wabereka.

Nkhondoyo inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Tinabwerera mwakachetechete. Inali nkhondo yochititsa manyazi akuluakulu mbali zonse, chifukwa ukayamba kuifotokoza uyenera kufotokozanso amene ankadyetsa ndani. Ndiye njira yapafupi inali kungoisiya. Pa maperete onse amene ine ndinaimapo, dzina la mnzangayo sindinalimvepo.

Mwana wa ku Chadiza: Pepani mlamu. Sindimadziwa kuti munali kumeneko.

Msilikali wa Panyanja: Palibe chopepesa. Atsibweni anuwo alowe m'buku.

Mkulu wa Mpingo: Apa ndiye pali funso. Buku limeneli likhala la asilikali okha kapena la aliyense? Chifukwa tikatsegula chitseko, lidzadza msanga, ndipo ena adzabweretsa mayina a anthu amene anangopita ku Wenela kapena ku Salisbury osabwerako.

Mdzukulu wa Askari: Ine ndikuona kuti likhale la ovala yunifomu. Iwo analumbira, anali ndi nambala, tikhoza kutsimikiza.

Aphunzitsi a ku Katete: Mukatero mwabwereza zomwe anachita atsamunda ku Mbala. Amtengatenga analibe mfuti, ambiri analibe nambala, n'chifukwa chake anawasandutsa chiwerengero. Mayi amene anagwidwa kuti asenze katundu wa Matsanga akusiyana pati ndi mtengatenga wa 1917?

Mdzukulu wa Askari: Akusiyana poti winayo tili ndi pepala lake. Popanda umboni tidzalemba nthano. Mukudziwa mmene anthu amachitira akamva kuti kukulembedwa mayina, amaganiza kuti kukubwera thandizo. Mudzaona mudzi wonse agogo awo anali ku Burma.

NaPhiri wa ku Kapata: Hahaha, apo ndiye wanena. Adzabwera ndi ma NRC m'manja.

Nduna ya Amfumu: Ndalowa mochedwa, ndinali ku maliro. Nkhani ya umboni isakuvuteni kwambiri. M'mudzi bodza la mtundu umenewo silikhalitsa. Mukafika kwa anyakwawa, muitanitse nkhalamba zitatu kapena zinayi za mabanja osiyana, mufunse pagulu. Wina akanama, anzake amuseka pomwepo. Koma mufike mwa dongosolo, muyambe kwa amfumu, musangotulukira ndi foni n'kuyamba kujambula anthu. Ndipo munene poyera kuyambira pachiyambi kuti palibe ndalama. Chinanso, fulumirani. Amene anaona asilikali a ku Burma akubwerera ali ana, lero ali ndi zaka za m'ma 80 kupita m'tsogolo. Amene taika lerowa anali mmodzi wa iwo.

Msilikali wa Panyanja: Zikomo a nduna. Maganizo anga ndi awa. Buku limodzi, koma masamba osiyana. Asilikali paokha, amtengatenga paokha, anthu wamba amene anaphedwa kapena kutengedwa m'malire paokha. Pa dzina lililonse tilembe mudzi, mfumu, nkhondo yake, ndi amene watiuza. Ngati pali kabuku ka malipiro, mendulo kapena kalata, tijambule. Mamendulo ena amakhala ndi nambala ndi dzina m'mphepete, muziyang'ana bwino musanawapukute ndi phulusa. Amene ali ndi intaneti yabwino akhoza kufufuza pa tsamba la Commonwealth War Graves, a nkhondo yachiwiri ambiri alipo, kungoti alembi achizungu ankalemba mayina athu mmene awamvera, ndipo nthawi zina dzina la bambo ankaliika ngati la mwana. Muziyesa kalembedwe kangapo.

Mkulu wa Mpingo: Nanga kuwerengako kudzachitikira kuti? Kutchalitchi kwathu ndikhoza kupempha mphindi khumi pambuyo pa mapemphero, koma si onse opemphera nafe. Kuli Asilamu, kuli a Gule.

Nduna ya Amfumu: Pabwalo la mudzi. Pamenepo palibe mlendo.

Mai a Mapasa: Ine ndikadali pa mawu anga a ndalama, koma dzina la agogo ndipereka. Ndifunse kaye azakhali ku Sinda, ndi amene akusunga chithunzi.

Wanjinga wa ku Down Shops: Ine agogo anga sanapite ku nkhondo iliyonse, ankaopa ngakhale galu. Koma ngati mlamu mukufuna kuzungulira midzi ya pafupi, cha ku Feni kapena ku Mtenguleni, Loweruka masana ndikhoza kukunyamulani. Mungogula chubu ikaphulika.

Msilikali wa Panyanja: Ndavomera achimwene, koma muziyenda bwino m'mitsetse, nsana wanga si wa kale.

Woyang'anira Gulu: Chabwino. Kuti gulu lisasokonezeke, mayina musaike pano, tumizani ku inbox ya Aphunzitsi a ku Katete, iwo ndi amene asunge mndandanda. Zithunzi za mamendulo ndi mabuku a malipiro zikhale zooneka bwino, osati zojambula usiku ndi tochi. A ku Chadiza, kodi mungatsogolere mbali ya kwanuko?

Mwana wa ku Chadiza: Nditsogolera, koma ndiyambe ndakambirana ndi amayi. Nkhani ya atsibweni sanaikambepo pagulu chiyambire, ndipo sindikufuna aimve kwa anthu ena kuti ndailemba pa foni. Akakana, dzinalo lidikira.

Msilikali wa Panyanja: Akakana musawakakamize. Siyani mzere wopanda kanthu, mudzalemba iwo akalola.

Mdzukulu wa Askari: Aphunzitsi, ndatumiza zithunzi zinayi. Kabuku kamalipiro tsamba lachiwiri inki inafufutika ndi madzi, nambala yomaliza sikuoneka ngati ndi 3 kapena 8. Yerekezani ndi ya pa bokosi, ndapempha mlongo wanga kumudzi akajambule mawa kukacha.

Aphunzitsi a ku Katete: Zafika zitatu zokha. Tumizaninso ya mendulo, muitembenuze kuti m'mphepete muoneke. Ndipo wina andithandize buku lachikuto cholimba, la masamba ambiri, chifukwa la sukulu sindingatenge.

NaPhiri wa ku Kapata: Bukulo ndigula ine mawa ku Kapata, ndipatsira kondakitala wa basi ya ku Katete. Mundipatse nambala yoti akuimbireni akafika pa siteji.